Linga la ku Tete lisagwe, koma lizikamba nkhani yathu

Pagulu lathu la WhatsApp la ana a ku Angónia okhala mumzinda wa Tete, ku Mozambique, mwabuka mkangano. Achinyamata ena abweretsa ganizo loti Loweruka lina tizitenga makasu, zikwakwa ndi matsache kukalambula pa linga lakale la São Tiago Maior, lija lili kufupi ndi mtsinje wa Zambezi. Ganizolo lisanapole n'komwe, achimwene ena anayankha kuti: “Tikasesere Mpwitikizi amene anakwapula makolo athu? Lisiyeni ligwe.” Ambiri anawombera m'manja. Ine ndili mbali ya achinyamatawo, ndipo ndifotokoza chifukwa chake, ngakhale ndikudziwa kuti ena mundinena kuti ndine wokonda atsamunda.

Mkwiyo wa achimwenewo ndikuumvetsa. Ifenso kwathu ku Ulóngwe tinakula tikumva za chibalo, ntchito yokakamiza ija, za msonkho, za asipayo, apolisi achikuda a boma la Chipwitikizi, obwera m'mudzi mbandakucha. Agogo anga aamuna ankati akafika pa nkhani ya mbalamatodya, thabwa lija lomenyera anthu m'manja, amatambasula dzanja n'kuliyang'ana kaye asanapitirize kulankhula. Ndiponso si kutali ndi mzinda uno pali mudzi wa Wiriyamu, kumene asilikali a Chipwitikizi anapha anthu mazanamazana pa 16 Disembala 1972. Palibe amene angatiuze kuti tiiwale zimenezo.

Koma ndifunseko, akuluakulu: miyala ya lingalo anasenza ndani? Kodi bwanamkubwa wochokera ku Lisboa kapena ku Goa anaikapo nkhata pamutu? Anaphwanya miyalayo, kuisenza, kutunga madzi mu Zambezi ndi kuponda dothi anali anthu akuda a m'chigwa chino, ambiri mwa iwo akapolo kapena ogwidwa mokakamiza, padzuwa la Tete limene inu nonse mukulidziwa. Mayina awo sanalembedwe pakhomapo. Chimene chinatsala cha iwo ndi khomalo basi. Tikalilekerera kuti ligwe, Mpwitikizi sataya kanthu, iye mbiri yake anaisunga kale m'mabuku ku Lisboa. Otaya ndife.

Apwitikizi anayamba kukhazikika pa Tete cha m'ma 1530, atapeza kale msika umene amalonda a Chiswahili ankagulapo golide ndi minyanga. Lingali linamangidwa, kugumuka ndi kumangidwanso kangapo. Ndiye funso limene mwana wa sukulu angafunse ataima m'katimo ndi ili: ngati anthu amenewa anali amphamvu chonchi, ankabisaliranji kuseri kwa khoma? Yankho lake ndi limene limandisangalatsa. Ankaopa. Kumpoto kwa mtsinje kunali maufumu a Amaravi, a Kalonga ndi Undi, ndipo pambuyo pake ufumu wa Makanga umene dzina lake lidakalipo pa boma la Macanga. Kummwera kunali maufumu a Mwenemutapa ndi Barue. Kwa zaka mazana angapo Mpwitikizi wa pa Tete anali mlendo wokhala mwa chilolezo, wopereka mphatso kwa mafumu kuti malonda ake adutse. Zoti analamulira dziko lonseli zaka 500 n'zongokamba. Ulamuliro weniweni kumidzi kwathu unafika mochedwa, kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 1900, ndipo mu 1917 anthu a ku Barue anali akumenyabe nkhondo.

Kumunsi kwa mzinda uno, pafupi ndi pomwe Luenha amathira mu Zambezi, kunali linga lina, la Massangano. Mwini wake anali Bonga, dzina lake lina António Vicente da Cruz. Pakati pa 1867 ndi 1869 boma la Chipwitikizi linamutumizira magulu a nkhondo kangapo, ndipo onse anabwerako manja ali m'khosi, ambiri osabwerako n'komwe. Massangano anadzagwa mu 1888, Bonga atamwalira kale. Komatu tisamuveke ungelo. Bongayo anali mwini prazo, dera lalikulu lolamulidwa ndi munthu mmodzi ngati munda wake, anali ndi Achikunda ake, akapolo omumenyera nkhondo, ndipo ankagwira ndi kugulitsa anthu ngati anzake ena onse a nthawi imeneyo. Nkhani ya chigwa cha Zambezi ndi yosokonekera choncho, ndipo ndikufuna ana athu aimve ndi kusokonekera kwakeko, osati yosefedwa.

Ife Achewa pali china chimene chiyenera kutiluma mumtima. Likulu la Undi, Mano, linali m'chigawo chino cha Tete. Lero chaka ndi chaka mu Ogasiti timakwera magalimoto kupita ku Mkaika, ku Katete m'dziko la Zambia, kukachita Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Koma ndi angati mwa ife angaloze pomwe panali Mano? Makolo athu ankamanga ndi mitengo, dothi ndi udzu, ndiye mvula ndi chiswe zinamaliza zonse. Amene akudziwa kuwawa kosowa poloza sangamanene mopepuka kuti chomangidwa chakale chigwe.

Tsono kwa achinyamata a matsachewo, ndili nanu, koma pang'onopang'ono. Ndinakazungulira khomalo tsiku lina masana, mwala ukutentha moti sungautsamire. Zimene zinandidetsa nkhawa si mapepala apulasitiki kapena udzu, zimenezo n'za tsiku limodzi. Ndi timitengo tomera m'ming'alu. Kamtengo kotere ukakazula ndi mphamvu kamatuluka ndi dothi logwira miyala, mawa mvula n'kulowa pamenepo. Kamafunika kudula bwinobwino ndi kupha chitsa chake, osati kukoka. Chinanso, pasapezeke wachifundo wobwera ndi matumba a simenti kuti amate ming'alu. Makoma akale otere amagwirana ndi laimu kapena dothi, zimene zimalola chinyezi kutuluka. Simenti imatsekera chinyezicho m'kati, mwala n'kuyamba kufumbutuka. Penti wonyezimira ndiye ayi ndithu. Linga si golosale.

Ndipo musakayambe musanagogode ku ofesi yoona za chikhalidwe. Dziko lino lili ndi lamulo nambala 10/88, la mu Disembala 1988, loteteza chuma cha chikhalidwe, ndipo limaphimba zomangidwa zonse zakale zimene zinaimikidwa chisanafike chaka cha 1920. Ndiye kuti ngakhale mutakhala ndi mtima wabwino, simungangofika n'kuyamba kugumula kapena kumata. Kapempheni kuti akupatseni munthu wodziwa ntchitoyo aziyenda nanu. Mafumu ndi akuluakulu a Chinyungwe, eni nthaka ya mzinda uno, akhale patsogolo. Ife a kumapiri tibwere ngati othandiza.

Ena akuti phindu lake n'chiyani, kodi mbiri imadyedwa? Ku Ilha de Moçambique, imene UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 1991, anyamata amapeza ya ndiwo poperekeza alendo mu linga la São Sebastião. Sindikunena kuti Tete asanduka Ilha. Koma magalimoto ochoka ku Zimbabwe kupita ku Malawi ndi ku Zambia amawoloka Zambezi pomwe pano tsiku lililonse, ndipo alendo obwera ndi ntchito za malasha ku Moatize Lamlungu amasowa kopita. Ngakhale zimenezo zitapanda kutheka, ana a sukulu okha ndi okwanira.

Chimene ine ndingalimbikire kwambiri ndi chikwangwani cha pakhomo. Chisangonena dzina la woyera mtima ndi la bwanamkubwa m'Chipwitikizi chokha. Chilembedwenso m'Chinyungwe ndi m'Chichewa, chinene za osenza miyala, za Achikunda, za akapolo amene anatsika ndi mtsinjewu kupita ku Quelimane, za Undi, za Massangano. Ndipo nkhani zimenezo tisadikire wina wochokera ku Maputo kuti adzatilembere. Amene anaona chibalo ndi maso awo atsala ochepa ku Tsangano, ku Furancungo ndi ku Chifunde. Amene muli ndi agogo otere, mukapita kumudzi mwezi uno mukakhale nawo pansi, muwapemphe chilolezo, muwajambule mawu pafoni. Achimwene aja onena kuti ligwe, inunso tikufunani Lowerukalo, chifukwa nkhani ya asipayo mumaikamba bwino kuposa tonsefe.