Mukafika ku Cork, mwala wa Blarney udikire kaye

Inu amene mukukonza ulendo wa ku Ireland, makamaka abale athu a ku Britain poti kwa inu ndi pakhomo, musathere masiku onse ku Dublin. Kwerani sitima pa siteshoni ya Heuston, pakangotha maola awiri ndi theka mwatsika ku Cork. Ndipo mukafika musayambe kuthamangira ku Blarney ngati mmene amachitira alendo ambiri.

Ena andida nazo izi, ndikudziwa. Blarney ndi linga la m'zaka za m'ma 1400, makilomita pafupifupi 8 kuchokera mumzinda. Pamwamba pake pali mwala umene amati ukaupsompsona umasanduka katswiri wa pakamwa. Ndiye anthu amandanda pamasitepe opanikiza, ukafika pamwambapo umagona chagada, kugwira zitsulo, wantchito n'kukugwira m'chiuno, iwe n'kupendeketsa mutu kuti milomo ikhudze pomwe yangochoka milomo ya mnzako. Minda yozungulira lingalo ndi yokongola, sindikana. Koma munthu wa masiku ochepa, wolipira hotela ndi ma euro, akathera theka la tsiku pamzere umenewu amabwerera kwawo ndi chithunzi chokha. Cork sanamuone.

Yambani ndi msika. English Market ili pakati penipeni pa mzinda ndipo yakhala ikugulitsa zakudya kuyambira 1788. Mfumukazi Elizabeth inalowamo mu 2011, koma chondikoka ine si chimenecho. Ndi msika umene eni mzinda amagulamo ndiwo zenizeni. Pitirirani pa tchizi ndi nsomba, mukaime pa anthu a butchala. Mupeza chifu cha ng'ombe choyeretsedwa, choyera mbee, chopindidwa bwinobwino, pambali pake drisheen, amene ndi magazi ophika, achibale a uwende wathu uja. Amaphika ziwirizi mumkaka ndi anyezi. Palinso mapazi a nkhumba. Zakudya zimenezi zili ndi mbiri: doko la Cork linkatumiza kunja nyama yabwino yothira mchere ndiponso batala wochuluka, osauka a mumzinda n'kumatsala ndi zam'kati. Lero zidzukulu zawo zimadya monyadira. Lamlungu msikawu satsegula, musadzati sindinanene.

Mukachoka apo wolokani mtsinje wa Lee, mukwere mtunda wa ku Shandon, kutchalitchi cha St Anne's. Alendo amawalola kuliza mabelu okha, ndipo wotchi ya pansanja ili ndi nkhope zinayi zomwe zinatchuka ndi kusagwirizana nthawi. Ola limodzi likukwanani.

Tsiku lathunthu lisungireni Cobh, tawuni ya padoko pafupi ndi Cork, imene eni ake amaitchula kuti Kov. Kasitima kochokera pa siteshoni ya Kent mu Cork sikatha ndi theka la ola lomwe. Ambiri amapita kumeneko chifukwa cha Titanic, sitima yapamadzi yotchuka imene inamira, poti ndi pomwe inaima komaliza pa 11 Epulo 1912 n'kutenga anthu 123. Chabwino, kaoneni. Koma kwa ine Titanic ndi kankhani kakang'ono padoko limeneli. Pakati pa 1848 ndi 1950, anthu pafupifupi 2.5 miliyoni anakwerera zombo pomwepa kusiya dziko lawo, ambiri osadzabwereranso. Chinakulitsa msamukowu ndi njala yomwe inayamba mu 1845, matenda ataononga mbatatesi, chakudya chimene osauka ankadalira. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa, miliyoni inanso inathawa, pamene tirigu ndi ng'ombe zinkatulukabe m'madoko a dzikolo pansi pa ulamuliro wa Angerezi. Mu 1841 chilumbachi chinali ndi anthu oposa 8 miliyoni. Mpaka lero chiwerengerocho sichinabwererepo.

Panja pa nyumba yosungiramo mbiri, imene ili mu siteshoni yakale ya sitima, pali chiboliboli cha mtsikana Annie Moore ndi alongo ake aang'ono awiri. Ananyamukira pomwepa, ndipo pa 1 Januwale 1892 iye ndi amene anali woyamba kulembedwa pa Ellis Island ku New York, pomwe ankalandirira anthu osamukira ku America. Mmodzi wa anyamatawo waloza kunyanja, pamene Annie watembenukira kumtunda kumene akuchokera. Alendo ena amajambula n'kupitirira. Munthu amene agogo ake anamusimbira za njala ya 1949, kapena amene kwawo kuli mtchona amene anapita ku Joni osatumizanso kalata, sachoka msanga pamalo amenewa. N'chifukwa chake ndimati ife tili ndi maso oonera Cobh kuposa alendo ambiri amene amatsika m'zombo zikuluzikulu za alendo, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti timatsatira iwowo kumwala.

Anthu a ku Cork ndi onyada, ndipo mwanthabwala amati likulu lenileni la Ireland ndi kwawo. Musawaseke msanga. Mu 1920, pa nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu wa Ireland, meya wawo, Terence MacSwiney, anafera m'ndende ya Brixton ku London atakana chakudya masiku 74, ndipo mu Disembala chaka chomwecho asilikali a Britain anatentha pakati pa mzindawu. Mukakhala mubala madzulo, itanitsani Murphy's kapena Beamish, mowa wakuda wofululidwa komweko, muone mmene wogulitsayo akulandirireni.

Za mapepala fufuzani musanagule tikiti. Ireland sali mu Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, ndipo si gawo la Britain, choncho malamulo ake a viza ndi akeake. Magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu, pulagi ndi ya mano atatu yomweyi. Ambulera siyani, mphepo ya ku Cobh imangoitembenuza. Tengani jekete la mvula, ngakhale mu Julayi.