Tiwapempherere Aphungu Athu

Abale ndi alongo, kulikonse kumene muli, ikani kaye pansi zomwe mwagwira tipemphere limodzi.

Atate wathu wakumwamba, Chauta, Namalenga, mwini dziko ndi zonse zili m'menemo, tabwera pamaso panu ndi nkhani ya nyumba imodzi. Ndi nyumba ija ili ku Lilongwe kufupi ndi Capital Hill, momwe amakhala aphungu a madera 229 amene tidawavotera pa 16 Seputembala 2025. Ambiri a ife sitinapondemo. Timangowamvera pa wailesi. Ine ndimasoka zovala pakhonde la golosale, kawailesi kali pambali pa mashini, ndipo zokambirana zikayamba ndimachepetsa kupalasa kuti mawu asandipite. Tikudziwa kuti tsiku lililonse asanayambe kukambirana amayamba ndi pemphero. Lero ifenso amene tidawatuma tikuti tiwapempherere, chifukwa zomwe amalankhula m'menemo sizithera m'menemo. Zimatipeza mumphika, zimatipeza pa chigayo, zimatipeza pa benchi ya kuchipatala.

Inu mukudziwa, Ambuye, zomwe zidatichitikira mu Novembala 2023, kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ulusi udakwera, zipi zidakwera, nsalu ya yunifolomu idakwera. Mayi wina adandisiyira yunifolomu ya mwana wake kuti ndisoke, ndidasoka, koma idakhala pa chingwe mwezi wathunthu ikutola fumbi. Ankadutsa cha kutali, maso ali kumbali, osati chifukwa cha mwano, koma ndalama yomwe adasungira telala idapita ku ndowa ya chimanga. Mayi ameneyu ali ndi phungu wake. Tikukupemphani kuti phungu ameneyo akaimirira kufunsa nduna ya zachuma, nkhope ya mayi uja imubwerere m'maso, afunse ngati munthu amene watumidwa ndi wanjala.

Mawu anu amatiuza kuti pochuluka aphungu pali chipulumutso. Ife aphungu tili nawo ochuluka, kuposa 193 aja tinali nawo kale. Chomwe tikupempha ndi chipulumutsocho. Apatseni makutu, Atate. Kangati tamva Sipikala akuitanitsa bata mpaka mawu kusasa, wina akulankhula anzake akumukuwiza, matebulo akuwombedwa, mbali ina ikunyamuka kutuluka nkhani ya chimanga ili pakati? Mtima umawawa, chifukwa tsiku lotayika choncho silibwerera, ndipo walilipira ndi msonkho ndi mlimi wa fodya amene adagona pa okushoni ku Kanengo kapena ku Chinkhoma kudikira mabelo ake. Phunzitsani a mbali ya boma kuti wotsutsa si mdani. Phunzitsani a mbali yotsutsa kuti chabwino ndi chabwino ngakhale chachokera kwa amene adawagonjetsa. Oyima paokha asakhale ogulika. Mudationetsa Rehobowamu, amene anthu adamudandaulira kuti goli lalemera, iye nataya uphungu wa akulu, nasankha mawu okoma m'makutu mwake, ufumu nung'ambika. Musalole mzimu wa Rehobowamu kukhala pampando uliwonse m'Nyumba imeneyi.

Tikukuthokozani kuti lero phungu akhoza kuimirira n'kufunsa boma funso lowawa, madzulo n'kukagona kunyumba kwake. Sizinali choncho nthawi zonse. Tikukumbukira nduna Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, ndi phungu David Chiwanga, amene mitembo yawo idapezeka ku Thambani m'boma la Mwanza mu Meyi 1983. Tikukumbukira maepiskopi a Katolika amene adalemba kalata ija yodzudzula boma mu Malichi 1992, ndi makolo athu amene adaima pamzere pa 14 Juni 1993 kusankha zipani zambiri. Ufulu wolankhula m'Nyumbamo udagulidwa ndi magazi. Aphungu athu asauwononge pa zonyozana, ndiponso asaukwirire chifukwa choopa kutaya unduna kapena kukwiyitsa mwini chipani.

Taona Nyumba imeneyi ikuchita zabwino, ndipo sitiiwala. Mu 2002, ganizo lochotsa malire a zaka zomwe mtsogoleri wa dziko angalamulire lidagwa litaperewera mavoti atatu okha. Mu 2017 aphungu adagwirizana kusintha malamulo oyendetsera dziko kuti mwana wosakwana zaka 18 asalowe m'banja, ndipo alipo atsikana lero ali m'kalasi chifukwa cha tsiku limenelo. Chimene mudachita nthawi imeneyo, Ambuye, chitaninso.

Tsopano tikubweretsa kwa Inu nkhani ya chakudya, pakuti ndi imene imatisowetsa tulo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula mapiri, matope nakwirira mabanja ku Chilobwe, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe, minda ya kuchigwa cha Shire nisanduka mchenga. Tisanapukute misozi, mu 2024 ng'amba idawotcha chimanga chili m'mawondo, mpaka maboma 23 mwa maboma 28 adalengezedwa kuti ali pa ngozi. Akulu athu adati nkhanga zidapangana kusanapse. Pamene aphungu akukambirana ndondomeko ya chuma, apatseni nzeru ya Yosefe, amene adasunga tirigu m'zaka zokolola kuti anthu asafe m'zaka za njala. Afunse kuti m'nkhokwe za ku Kanengo muli chimanga chochuluka bwanji, ndipo apite akaone ndi maso. Afunse chifukwa chimene ADMARC imafikira kumudzi mavenda atagula kale chimanga kwa mlimi pa mtengo wolira. Afunse chifukwa chimene feteleza wotsika mtengo amafikira chimanga chitayamba kale kuchita chikasu. Dziko lili ndi nyanja yaikulu chotere, lili ndi Shire woyenda chaka chonse, lisamafe ndi ludzu m'munda. Ulimi wamthirira usakhale nyimbo ya pa msonkhano chabe, ngalande zikumbidwe, madzi afike.

Pa ngongole, Atate, agwireni dzanja. Bilu yovomereza boma kukongola ndalama ikafika, isadutse ngati madzi a m'ngalande. Awerenge tsamba lililonse, adziwe chiwongola dzanja, adziwe chomwe ndalamayo ikagule, chifukwa wodzabweza ndi mwana amene lero akuphunzira pansi pa mtengo. Chimodzimodzi mapangano a migodi. Mudatisungira chuma pansi pa nthaka, ku Kayelekera m'boma la Karonga, ku Kasiya m'boma la Lilongwe, ku Kangankunde m'boma la Balaka. Chisatuluke usiku ife n'kutsala ndi maenje ndi fumbi. Anthu amene asamutsidwe pa malo a makolo awo amveke m'Nyumbamo dothi lisanakumbidwe. Ndipo komiti yoona momwe ndalama za boma zagwirira ntchito muipatse mano. Tidapsa kale mu 2013, pomwe ndalama za boma zinkapezeka m'mabuti a galimoto zipatala zilibe mankhwala. Zisabwerezedwe.

Ena amati nkhani za maiko akunja ndi za anthu ophunzira, za akazembe ovala masuti. Ife taona kuti si choncho. Mudatiika pakati pa anansi, opanda doko lathulathu. Dontho lililonse la petulo limachokera ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, ndipo limagulidwa ndi ndalama zakunja zomwe tilibe zokwanira. Taona mizere ya galimoto ikugona pa filing'i siteshoni, anyamata a kabaza wa njinga zamoto akukankha njinga zawo dzuwa lili pamutu, ambulansi itaima wodwala akubuula. Ku Mozambique kutavuta chisankho chitatha kumapeto kwa 2024, matanki adachedwa m'njira, ndipo abale athu a kumeneko adawolokera ku Nsanje ndi ku Chikwawa ana ali kumsana. Mu Epulo 2025, titakokana ndi Tanzania pa nkhani ya malonda, katundu wa amayi a geni adaima pa chipata cha Songwe. Choncho pamene aphungu akukambirana za ubale wathu ndi anansi, apatseni lilime lofatsa ndi msana wolimba. Pa nkhani ya nyanja, imene takhala tikusiyana maganizo ndi Tanzania chifukwa cha malire amene azungu adalemba mu 1890, musalole mawu otentha a wandale aliyense kuyatsa moto. Msodzi wa ku Karonga ndi msodzi wa kutsidya amadya usipa umodzi. Chilungamo chipezeke pa mphasa yokambirana, magazi asakhetsedwe m'madzi amene mudatipatsa kuti atidyetse.

Tikumbukira asilikali athu amene adatumizidwa kukasungitsa mtendere ku Congo. Asanu ndi mmodzi adafera kufupi ndi Beni mu Novembala 2018, atatu ena adafa nkhondo itakula cha ku Goma mu Januwale 2025. Tonthozani amayi awo, akazi awo, ana awo. Ndipo tsiku lina nkhani yotumiza ana athu ku nkhondo ya kwina ikadzafikanso, aphungu adzafunse mafunso onse ndege isananyamuke: akupita kukatani, ali ndi zida zotani, adzabwera liti, ndipo akapanda kubwera ana awo adzawasamala ndani.

Palibe mudzi umene ulibe mwana kunja. Ena ali ku Joni, akugona tulo ta kalulu chifukwa cha zipolowe zothamangitsa alendo monga zidachitikira mu 2008 ndi mu 2015. Ena adakwera ndege kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel kumeneko kuli nkhondo. Alongo athu ena adalonjezedwa ntchito zabwino ku Oman, nakapeza ukapolo, pasipoti italandidwa. Sadachoke chifukwa chodana ndi kwawo, idawathamangitsa ndi njala ya ntchito. Ambuye, Nyumba ya Malamulo iwakumbuke. Pangano lililonse lotumiza achinyamata kunja liunikidwe poyera, akazembe athu akhale makolo enieni kwa Mmalawi wovutika kutali, ndipo koposa zonse aphungu akambirane mozama za ntchito zapakhomo pano, kuti mwana wotsiriza Fomu 4 asamaone basi ya ku Joni ngati khomo lokhalo lotseguka.

Pomwe tikupempherera athu ali kwa eni, tisaiwale alendo ali kwathu. Ku Dzaleka m'boma la Dowa kuli anthu oposa 50,000 pa malo amene adakonzedwera anthu ochepa kwambiri. Adathawa nkhondo ku Congo, ku Burundi, ku Rwanda. Dziko lino lidasungapo abale a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi nthawi ya nkhondo yawo, tili osauka kuposa lero. Pokambirana malamulo okhudza othawa kwawo, aphungu akumbukire kuti Mwana wanu naye adathawirapo ku Ejipito ali khanda.

Ndipo pamene maiko amene ankatithandiza akuchepetsa thandizo, monga tidaonera kuyambira kumayambiriro kwa 2025, musatisiye. M'bale wathu amene amamwa ma ARV asagone ndi mantha kuti mwezi wamawa botolo lidzakhala lopanda kanthu. Aphungu apeze pochotsa, ayambire pa maulendo ndi galimoto zapamwamba, ndalama ipite ku mankhwala. Tilandire thandizo la abwenzi moyamika, a kum'mawa ndi a kumadzulo omwe, koma tisagulitse dziko chifukwa cha mbale ya mphodza.

Atate, sitingawaloze chala aphungu ife manja athu ali akuda. Tikhululukireni. Ndife amene tidalandira nsalu ndi kandalama nthawi ya kampeni, ngakhale lamulo la zipani limaletsa, kenako n'kumadabwa kuti munthu akufuna kubweza zomwe adawononga. Ndife amene timadzaza pakhomo pa phungu m'bandakucha kupempha bokosi la maliro, fizi, thiransipoti, osamufunsa n'kamodzi komwe kuti bilu ija mudavota bwanji. Tamusandutsa wogula mabokosi munthu amene tidamutuma kukapanga malamulo ndi kulondera chuma chathu. Tavotera munthu chifukwa ndi wakwathu, wa mtundu wathu, wa mpingo wathu. Tisintheni mitima, kuti tizifunsa zoyenera, tizimvetsera zokambirana mpaka kumapeto, ndipo tiziyamika phungu wolankhula zoona ngakhale ali wa chipani chimene sitichikonda.

Dalitsani Sipikala ndi achiwiri ake, asakondere. Dalitsani mtsogoleri wa dziko ndi nduna zake, ayankhe mafunso mosabisa. Limbikitsani aphungu achizimayi amene amalankhula pakati pa phokoso ndi mawu onyoza, ndi aphungu achinyamata amene alowa koyamba, asatengere makhalidwe oipa amene awapeza. Kumbukiraninso alembi a Nyumbayo, atolankhani amene amatibweretsera nkhani, ngakhale amene amasesa m'menemo kusanache.

Mawa belu likalira, olemekezeka akamalowa mmodzimmodzi kukakhala pamipando yawo, loweni nawo, Ambuye. Ife tidzakhala kuno, wina kumunda, wina pamsika, wina pamzere wa mafuta, ine pa mashini anga wailesi ili pambali, tikumvetsera. Timve mawu otipatsa mphamvu yodzukira m'mawa wina.

Tapempha izi m'dzina la Yesu Khristu, Ambuye ndi Mpulumutsi wathu.

Amen.