Dishi ya Arecibo idagwa, ya Goldstone yokha singakwanitse

Dishi ya Arecibo ku Puerto Rico, yotambalala mamita 305, yomwe inkayeza miyala yam'mlengalenga ndi radar, idagwa pa 1 Disembala 2020, ndipo mu 2022 bungwe la boma la America lothandiza za sayansi la NSF lidalengeza kuti siliimanganso. Kwa ine ganizo limeneli ndi lolakwika, abale.

Pa telesikopu wamba, mwala wam'mlengalenga umangooneka ngati kadontho kowala. Radar imatumiza mafunde ake a wailesi n'kutchera khutu kuti abwerere. Mbali ya mwala yomwe ili kufupi nafe imabweza msanga, yakutali imachedwa. Nthawi yobwerera mafunde ikasiyana ndi 0.05 microsecond (microsecond ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi), malowo atalikirana mamita 7.5, ndipo Arecibo inkasiyanitsa mpaka pamenepo. Kenaka pali Doppler: mwala ukamazungulira, mbali yobwera kuno imakweza frequency (kuchuluka kwa mafunde pa sekondi), yopita uko imaitsitsa. Ziwirizi zikaphatikizidwa zimatulutsa chithunzi cha delay-Doppler.

Chithunzichi chimapusitsa wosachidziwa. Malo a kumpoto ndi ena a kummwera kwa mwala akhoza kubweza nthawi imodzi, Doppler n'kufanananso, onse n'kugwera pa kadontho kamodzi. N'chifukwa chake amaunika masiku angapo mwalawo ukusintha mbali, kompyuta n'kuumba maonekedwe ake enieni. Wozungulira pang'onopang'ono ndiye wovuta zedi, chithunzi chake chimangokhala kamzere kowonda.

Mutu waukulu ndi mtunda. Mwala ukatalikira kuwirikiza kawiri, mphamvu yobwerera imachepa ka 16, poti mafunde amafooka popita, n'kufookanso pobwera. Arecibo inkatumiza megawati imodzi pa 2380 MHz. Goldstone ku California, dishi ya mamita 70, imatumiza pafupifupi theka la mphamvuyo pa 8560 MHz, ndipo imagawana nthawi ndi ntchito yolumikizana ndi zombo zam'mlengalenga za NASA. Miyala yambiri yomwe Arecibo ikadaifikira, lero ikungodutsa osayezedwa bwino.

Onani za Apophis, mwala wa mamita pafupifupi 340. Mu Malichi 2021 Goldstone idatumiza mafunde, dishi ya mamita 100 ya Green Bank ku West Virginia n'kuwalandira, ndipo miyezo imeneyo idatsimikizira kuti mwalawu sutiomba m'zaka 100 zikubwerazi. Pa 13 Epulo 2029 udzadutsa pamtunda wa makilomita pafupifupi 32,000 okha, kufupi kuposa masetilaiti omwe amatibweretsera TV pa dishi kunyumba. Madishi olandira mafunde alipo ambiri padziko. Chikusowa ndi makina amphamvu otumizira, ndipo ndalama zipite kumeneko mwala wina usanatidzidzimutse.