Ana anga a ku America, phungu wanu ndani?

Ana anga, wakutsina khutu ndi mnansi. Mawu awa ndikulembera makamaka inu amene munapita ku America, munatenga unzika ndipo tsopano muli ndi ufulu woponya voti. Nanunso a kumudzi tcherani khutu, chifukwa matendawa ndi amodzimodzi.

Chinandiwawa ndi ichi. Tsiku lina madzulo tikudya kunyumba kwa mwana wanga, iye anang'amba envulopu ya bilu ya magetsi, n'kuyang'ana nambala yaikulu ya pamwamba, n'kulipira pa foni, pepala n'kuponya m'bini. Zonsezi mpunga usanazizire m'mbale. Ine ndinalitola pepalalo n'kuvala magalasi. Kuseri kwake kunali timizere tambirimbiri, kena ka masenti angapo, kena ka dola ndi pang'ono. Ndinamufunsa kuti, "Kodi timizereti anativomereza ndani?" Anati sakudziwa. "Nanga phungu amene amakuimira ku nyumba ya malamulo ya chigawo chino, dzina lake ndani?" Anangoti kukamwa yasa. Munthu wophunzira, wa digiri, woti nkhani za pulezidenti ku Washington amazitsatira usiku ndi usana. Ndinachita manyazi m'malo mwake.

Kwathu ku Malawi nyumba ya malamulo ndi imodzi, ya ku Lilongwe. Ku America chigawo chilichonse mwa zigawo 50 chili ndi yakeyake, ndipo nkhani za magetsi, sukulu, misewu ndi misonkho yambiri zimaphikidwa kumeneko. Chigawo cha Ohio chili ndi aphungu 99 m'nyumba yaing'ono ndi masenata 33 m'nyumba yaikulu, onse amakumana mumzinda wa Columbus. Mmodzi mwa aphungu 99 amenewo anali Larry Householder, ndipo mbiri yake ndikufuna muimve bwinobwino.

Bamboyu ndi wa kumidzi, ku Glenford m'boma la Perry. Analowa m'nyumba ya malamulo mu 1997 ngati phungu wa chipani cha Republican, ndipo pofika 2001 anali atakhala kale Sipikala. Lamulo la ku Ohio sililola phungu kupitirira zaka 8 zotsatizana, choncho kumapeto kwa 2004 anatuluka. Potuluka pomwepo a FBI, apolisi ofufuza milandu a boma la America, anali akufufuza za ndalama zake za kampeni. Kafukufukuyo anatha popanda mlandu, ndipo zimenezi ndikuzinena poyera kuti ndisamunamizire. Komabe munthu wosamala akamva kuti pakhomo pena panafukapo utsi, amayang'anitsitsa kawiri asanapereke makiyi a nkhokwe. Mu 2016 Householder anaimanso, anthu akwawo n'kumubwezera mpando.

Pa nthawiyo kampani ya magetsi ya FirstEnergy inali pamavuto. Malo ake awiri opangira magetsi a nyukiliya, Davis-Besse ndi Perry, ankaluza ndalama. Kampani inkafuna lamulo loipulumutsa, Householder ankafuna mpando wa Sipikala. Mu Januwale 2017 anakwera ndege ya kampaniyo kupita ku Washington ku mwambo wolumbiritsa pulezidenti. Pasanapite nthawi panabadwa bungwe lotchedwa Generation Now, la mtundu umene malamulo a kumeneko saukakamiza kuulula amene akuupatsa ndalama. M'zaka zitatu, kuyambira 2017 mpaka 2020, m'thumba limenelo munadutsa madola pafupifupi 60 miliyoni. Zina anathandizira kampeni za anthu ofuna uphungu amene akanadzamuvotera iye. Mu Januwale 2019 anakhaladi Sipikala kachiwiri, mothandizidwa ngakhale ndi aphungu ambiri a chipani cha Democratic. Musandiuze kuti nkhaniyi ndi ya chipani chimodzi.

Malipiro ake kwa kampaniyo anali bilu ya lamulo yotchedwa House Bill 6, imene Bwanamkubwa Mike DeWine anaisaina mu Julayi 2019. Lamuloli linakonza zoti banja lililonse liziwonjezera masenti 85 pa mwezi pa bilu ya magetsi, makampani akuluakulu azilipira zambiri, ndipo malo awiri a nyukiliya aja azilandira madola pafupifupi 150 miliyoni pa chaka. Zonse pamodzi zikanaposa madola 1 biliyoni. Masenti 85, ana anga. Ndani angataye tulo chifukwa cha masenti 85? Iwo ankadziwa kuti palibe. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mwambi umenewu wakuba amaudziwa kuposa mwini munda. M'lamulo lomwelo analowetsamonso ndalama zothandizira malo awiri akalekale opangira magetsi a malasha, omangidwa m'zaka za m'ma 1950, amodzi mwa iwo ali ku Indiana, kunja kwa Ohio.

Sikuti onse anagona. Anthu ena anayamba kutolera masiginecha kuti lamuloli lipite ku riferendamu, ndipo ankafunika oposa 265,000 m'masiku 90 okha. Apa ndi pamene ndalama zija zinagwira ntchito yonyansa. Pa wailesi ya kanema ndi m'makalata ofika m'makomo munadzaza uthenga woopseza anthu kuti boma la China likufuna kulanda magetsi a ku Ohio, ndipo asapereke dzina lawo kwa otolera masiginechawo. Analemba ganyu anthu oti azitsatira otolerawo kulikonse, pakhomo pa sitolo, pakhomo pa laibulale, kuti wofuna kusaina achite mantha. Taganizirani mayi akutuluka m'sitolo ndi katundu m'manja, wina akumupatsa cholembera, wina ali pambali kumunong'oneza za China. Ambiri anangodutsa osafunsa kuti uthengawo walipira ndani. Masiginecha sanakwane.

Munthu mmodzi ndimamuchotsera chipewa. Ankagwira ntchito m'gulu lotolera masiginechawo, ndipo Matt Borges, amene kale anali wapampando wa chipani cha Republican ku Ohio, anamupatsa cheke cha madola 15,000 kuti azimuululira zinsinsi za gululo. Iye anali atakauza kale a FBI, ndipo zokambirana zawo ankazijambula mobisa. Akanakhala wosusuka akanangodya n'kukhala chete.

Pa 21 Julayi 2020 a FBI anafika pafamu ya Householder ku Glenford n'kumumanga, ndipo anzake anayi anamangidwanso tsiku lomwelo. Patangopita masiku ochepa aphungu anzake anamuchotsa pa mpando wa Sipikala, popanda ngakhale mmodzi womuikira kumbuyo.

Tsopano imvani chimene chandichititsa kulemba. Mu Novembala chaka chomwecho kunali chisankho. Munthuyu ali pa belo, mlandu wa ziphuphu uli m'manyuzipepala onse, ndipo anthu a m'dera lake anamusankhanso ndi mavoti ochuluka. Papepala lovotera dzina linali lake lokha. Nthawi yopereka mayina inali itadutsa kale asanamangidwe, ndipo chipani chinacho sichinaimike munthu m'deralo. Amene anadzuka mochedwa kuti apikisane naye anafunika kuti wovota alembe yekha dzina lawo ndi dzanja. Mungalembe bwanji dzina limene simunavutike n'kulifunsa? Anthu analowa m'kachipinda kovotera maso ali pa mpikisano wa pulezidenti, atafika m'munsi mwa pepala n'kungochonga pamene panali dzina la chipani chawo, n'kutuluka. Ena mwina ankamukhulupiriradi, poti mlandu unali usanaweruzidwe. Koma kusiya mpando wa phungu wopanda wopikisana nawo, ngati kuti ndi ufumu wobadwa nawo, kumeneko ndi kutayirira, ndipo sindikupeza mawu ena ofewa.

Anakhalabe phungu mpaka pa 16 Juni 2021, pamene nyumbayo inamuthamangitsa ndi mavoti 75 kwa 21. Zoterezi zinali zisanachitike ku Ohio chiyambire 1857. Onani kuti aphungu 21 ankafunabe kuti akhale. Mwezi wotsatira kampani ya FirstEnergy inavomera kuti inapereka ndalamazo pofuna kugula lamulo, n'kulipira chindapusa cha madola 230 miliyoni. Mlandu unazengedwa ku Cincinnati, ndipo awiri mwa anzake aja, Jeff Longstreth ndi Juan Cespedes, anavomera kulakwa n'kuperekera umboni womutsutsa. Khoti linamva kuti madola oposa 500,000 anapita ku zofuna zake: kubweza ngongole, kukonzetsa nyumba yake ya ku Florida, kuthetsa mlandu wina wa bizinesi. Pa 9 Malichi 2023 anapezeka wolakwa, ndipo pa 29 Juni woweruza Timothy Black anamulamula kukakhala kundende zaka 20. Anali ndi zaka 64. Borges anapatsidwa zaka 5.

Sindikusekerera kugwa kwa munthu. Ndi bambo wa ana, ndipo zaka 20 kwa munthu wa msinkhu umenewo tonse tikudziwa tanthauzo lake. Inu achinyamata amene mumalota za ndale, kuno kapena kumudzi, onani pamene zinayambira: pa ulendo umodzi wa pa ndege ya kampani. Wokukweza ndege lero, mawa adzabwera ndi pepala loti usaine.

Koma inu ovota ndiye ndakukwiyirani kwambiri. Mumatha maola mukukangana pa WhatsApp za anthu amene sadzakudziwani, pamene munthu amene dzanja lake lili m'thumba mwanu mwezi ndi mwezi simudziwa ngakhale nkhope yake. A kumudzi musaseke, chifukwa ambiri a inu phungu mumamukumbuka pa maliro ndi pa nthawi ya nsalu za kampeni, osafunsa kuti ku Lilongwe wavotera chiyani.

Masenti 85 aja sanatoleredwe, poti khoti linawaimitsa ndipo mu 2021 aphungu anachotsa gawo la nyukiliya m'lamulolo. Gawo la malasha linatsala. Anthu a ku Ohio anapitiriza kulilipira pa bilu zawo za magetsi Householder ali kale m'ndende, mpaka aphungu anadzalichotsa mu 2025.

Mwana wanga uja sindinamulole kudzuka patebulo usiku umenewo. Ndinamuuza kuti atsegule webusaiti ya nyumba ya malamulo ya chigawo chake, alembe adiresi ya nyumba. Dzina la phungu linatuluka, ndi chithunzi, ndi nambala ya ofesi, ndi mabilu amene wabweretsa. Sizinatenge mphindi zitatu. Ndinamuuza alilembe papepala alimate pa chitseko cha firiji, ndipo bilu ya mwezi wamawa tidzaiwerenga tonse awiri, kuyambira kuseri.