Mjigo sulenga madzi, abale anga a kuno ku Chipata

Ndangobwera kumene kuchokera kumudzi kwathu cha ku Chadiza ndipo mtima wanga suli m'malo olo pang'ono. Amama, munthu wamkulu wa zaka zopitirira 60, akudzuka 4 koloko kukada kukaima pamzere pa mjigo, ndiye mjigo wakewo upope mpaka mapewa kuwawa kuti chigubu chimodzi chidzaze, kenako mukhale pansi kudikira kuti madzi abwerere. Chitsime cha kudambo chimene tinkatungapo tili ana, chija sichinkaphwa ngakhale mu Okutobala, manje chimauma mu Ogasiti.

Ndiye ukafunsa anthu kuti tichite bwanji, aliyense yankho ndi limodzi, ati atikumbire mjigo wina. Ku misonkhano ya CDF, ndalama zija za boma zotukulira constituency, nkhani ndi yomweyo. Ndalamazi zinakwera kufika K25.7 miliyoni pa constituency mu 2022, ndipo mijigo yakumbidwadi, sindikunyoza ayi, amama anga amamwa pomwepo. Koma mjigo uli ngati bango loyamwira chabe, umakoka zimene zili kale pansi. Nanga pansipo akuthirapo ndani? Ndi mvula, ikapeza mpata wolowa m'nthaka pang'onopang'ono, ndipo mpata umenewo ndi umene tikuutseka tokha ndi manja athu.

Kuno sikouma ngati ku chigwa cha Gwembe. Chaka chabwino Chipata imalandira mvula pafupifupi mamilimita 1,000, kungoti yonse imagwa pakati pa Novembala ndi Malichi kapena Epulo, kenako miyezi yonse ija zii. Tiyeni tiwerenge limodzi. Milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi ya madzi. Kanyumba ka malata ka masikweya mita 50 ndiye kuti pa denga pake pamadutsa malita 50,000 pachaka, zigubu za 20 lita zokwana 2,500, ndipo ife timangoikapo kabeseni kamodzi pakhonde ena onse nkumapita kumsewu kukakumba zigwembe, mwezi wa Seputembala tayamba kulipira mnyamata wa njinga kuti atibweretsere madzi omwewo.

Tayang'anani mapiri atizungulirawa, kuyambira Kanjala. Amene munakulira muno mukukumbukira mmene analiri. Mitengo yapita ku malasha ndi kuotchera njerwa, nyumba zikukwera phiri, ndiye mvula ikagwa palibe choigwira, imatsika ndi liwiro itanyamula dothi, mtsinje wa Lunkhwakwa nkudzaza tsiku limodzi mawa lake mchenga okhaokha. Dothi lochoka m'minda ndi m'mapiri limakathera m'mitsinje ndi m'madamu, ndipo ife a m'tauni timamwa a m'madamu a Lutembwe, damu likadzaza matope limaoneka lodzaza pamwamba koma madzi ake ndi ochepa. Wootcha malasha sindimuda, naye akufuna ya feteleza ndi ya sopo, ndipo thumba lakelo ogula ndife tomwe a m'komboni. Ine ndemwe ndili nalo kukhitchini, ndipo zimenezi zikundivutitsa maganizo.

2024 inatiphunzitsa mokwanira. Pa 29 Febuluwale a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chija ndi tsoka la dziko lonse, maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, chimanga chinauma chili ndi ngaiyaye. Madzi a damu la magetsi la Kariba atatsika malaiti anayamba kupita pafupifupi tsiku lonse, ndipo malaiti akapita mapampu amaima, mpopi nawo umangotulutsa mphepo. Koma chimene sindidzaiwala ndi munda wa amalume ena oyandikana ndi kwathu. Iwo amalima m'maenje, mapesi saotcha amaphimbira nthaka, m'mundamo anadzala mitengo ya gliricidia yobwezera chonde m'nthaka. Anthu ankawanena kuti munda wauve. Chaka chimenecho sanadzaze nkhokwe ayi, koma anakololako kena kake pamene ena tonse tinatuluka chimanjamanja, chifukwa kamvula kochepa kaja kanakhala m'dzenje mmalo mothawa. Dzuwa linali limodzi, mvula imodzi, kusiyana kunali pa mmene nthaka inagwirira madzi basi.

Ndiye pempho langa kwa a nyakwawa ndi mafumu athu, mawu anu kumudzi amamveka kuposa pepala lililonse lochokera ku ofesi. Letsani kudula mitengo pa kasupe ndi m'mphepete mwa mtsinje, letsani kuumba njerwa pakati pa dambo, dimba lisafike mpaka pa gombe penipeni. Kale malo ngati amenewo ankaopedwa, munthu sankalowamo ndi nkhwangwa. Ndipo inu amene mumakhala m'makomiti a ward, chaka chino musalembe mjigo okha. Lembani kuchotsa matope m'timadamu takale tija ng'ombe zimamwamo, lembani magata ndi mathanki pa sukulu ndi pa kiliniki, madenga aakulu aja akungotaya madzi pomwe ana akunyamula zigubu popita ku kalasi ndipo mayi wodikira kuchira akuuzidwa kuti abwere ndi madzi ake. Ndiponso mijigo yambiri imene timati yauma sinaume, yangofa kamphira kapena paipi, ndalama yochepa chabe, koma komiti inasiya kusonkhetsa ya pamwezi ndiye mudzi wonse ukudikira boma chaka chathunthu.

Ine ndayambira pa nyumba ya amama. Malipiro a mwezi uno ndikugula magata ndi madiramu awiri, thanki ndidzaonera kutsogolo ndalama ikapezeka, ndikufuna zikhale zitamangidwa mvula ya Novembala isanagwe. Amene mukudziwa mmisiri wokhoma magata bwino cha ku Kapata, woti angavomere kupita mpaka ku Chadiza, mundiuze chonde.