SR.177 sinaphedwe ndi Sandys yekha

Ena amati ntchito yopanga SR.177, ndege yankhondo ya ku Britain imene kampani ya Saunders-Roe inkakonza, inathetsedwa ndi Duncan Sandys, nduna ya zachitetezo, mu 1957, koma pamenepo ndi RAF (asilikali a m'mlengalenga a Britain) yokha imene inatulukamo. Royal Navy (asilikali a panyanja a Britain) inapitirizabe kwa miyezi ingapo, ndipo ntchito inaimiratu kumapeto kwa chakacho West Germany, imene inkaganiza zogula ndegeyi, itabwerera m'mbuyo, n'kudzagula ndege ya ku America ya F-104.

Saunders-Roe inkakonza vuto la ndege yake yam'mbuyo, SR.53, yomwe mphuno yake inali yaing'ono moti radar sinkakwanamo. Pa SR.177 anaika injini ya Gyron Junior yoyendera ulendo wautali ndi roketi ya Spectre yokwerera m'mwamba msanga. Roketiyo inkayaka ndi palafini ndi hydrogen peroxide wamphamvu kwambiri. Peroxide ameneyu akakhudza dzimbiri, girisi kapena nsanza amatentha mpaka kuyatsa moto, choncho matanki ndi mapaipi ankafunika kukhala oyera kotheratu. Pa sitima ya Royal Navy yonyamula ndege, yodzaza mafuta ndi mabomba, ineyo ndimaona kuti limenelo likanakhala vuto lalikulu.