Chiponde cha ku Chipata, nthochi za ku Mozambique, nanga ife a ku Blantyre?

Loweruka lapitali ku msika wa Limbe ndinafunsa mayi wina wogulitsa nthochi kuti katundu wake wachokera kuti. "Za ku Mozambique izi, amayi. Za ku Thyolo mungazipeze kuti masiku ano?" Anayankha maso ali pa chenji. Ife tinakula tikudya nthochi za ku Thekerani ndi Masambanjati, koma matenda a chisaka anapululutsa minda, ndipo lero mkoko umachita kuwoloka malire, wina kuchokera ku Tanzania komwe.

Nthochizo zinandikumbutsa botolo la chiponde limene alamu anga a ku Chipata anatibweretsera, lolembedwa kuti It's Wild! Amapanga ndi a COMACO, bungwe lomwe linayamba mu 2003 m'chigwa cha Luangwa. Poyamba nkhani inali yoteteza nyama zakutchire: anthu opha nyama mozemba ankapereka mfuti ndi misampha yawo, n'kuphunzitsidwa ulimi. Koma chimene chinandigwira mtima ndi ichi: bungweli silimangophunzitsa n'kumapita. Alimi ali m'magulu, amabzala mitengo ya gliricidia m'minda, ndipo akakolola mtedza, soya, mpunga kapena uchi, bungwe lomwelo limagula, n'kukonza, n'kuika m'mabotolo ndi m'mapaketi mpaka kukafika m'masitolo a ku Lusaka. Mlimi amabzala akudziwa amene adzamugule.

Kuno timabzala kaye, wogula tidzamuwona kutsogolo. Azakhali anga ku Chiradzulu amalima nandolo chaka ndi chaka. Nthawi yokolola venda amafika ndi sikelo yake yopachika pa mtengo wa mango, mtengo anena yekha, kulemera kwa thumba anenanso yekha. Azakhali amangoti, "Nanga ndikana, sukulu fizi ichokera kuti?" Nandolo yemweyo amakathera ku India.

Si kuti ife sitidziwa kugwirizana ayi. Pa nkhani yosunga ndalama sitichepa: anzathu a ku Zambia ali ndi chilimba, a ku Mozambique xitique, ife chipereganyu ndi banki m'khonde, ndipo ku Ndirande kuno n'kovuta kupeza mayi amene sali m'gulu lililonse. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 feteleza n'kukwera mutu, m'magulu omwewa tinkaphunzitsana kupanga manyowa a Mbeya. Ine ndinaphunzirira kuseri kwa nyumba ya msungichuma wa banki m'khonde yathu: feteleza pang'ono, madeya, phulusa, ndowe za nkhuku, kuwaza madzi, kusakaniza ndi manja, kumanga m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati, kudikira masiku 21. Fungo lake musalifunse. Dzinalo ndi la mzinda wa ku Tanzania, ndiye kubwereka nzeru kwa anansi si kwachilendo.

Vuto lathu ndi Disembala. Tikagawana masheya, ndalama imathera ku kaunjika, malata awiri ndi mpunga wa Khrisimasi. Sindikunyoza, inenso ndimatero. Koma amayi a m'madimba ozungulira Maputo anachita zina. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo ili mkati, timagulu tawo tinalumikizana pansi pa bungwe lalikulu la makopaletivu lotchedwa União Geral das Cooperativas, n'kumalima ndiwo zamasamba, kuweta nkhuku ndi kudyetsa mzinda umene misewu yake yochokera kumidzi inali yoopsa. Gulu limodzi silikanatha, koma magulu ambiri pamodzi anatha kukhala ndi zakudya za nkhuku ndi malo ogulitsira awoawo.

Zambia nayo ndisaikweze kwambiri. Ali ndi matenda athu omwewa okonda chimanga chokha ndi kudikira makuponi. Iwo anayamba sabuside ya feteleza mu 2002, ife mu 2005. Ng'amba ya 2024 inatigwetsa tonse, maboma onse awiri n'kulengeza kuti kwagwa tsoka. Ndipo kum'mwera kuno, chimanga cholowera pa Muloza kuchokera ku Milange chakhala chikutipulumutsa zaka zambiri.

Chitsanzo chabwino tili nacho pakhomo, kungoti sitichiyang'ana. Pitani ku Bvumbwe m'mamawa mukawone alimi a ng'ombe za mkaka, zigubu pa njinga, akupita kumalo osonkhanitsira mkaka a magulu a Shire Highlands Milk Producers Association. Amadandaula za mtengo, inde, koma mkaka umayezedwa, umalembedwa m'buku, ndipo galimoto ya kampani imabwera kudzatenga.

Lamlungu pa banki yathu ndinapereka ganizo loti chaka chino tisagawane zonse, tigule mtedza pamodzi nthawi yokolola, tizikazinga ndi kugayitsa chiponde chathu. Kunali zii. Kenako msungichuma anavula magalasi n'kufunsa, "Matumbawo tikasunga kwa ndani, poti kwanu kumadontha?" Tagwirizana kuti sabata yamawa aliyense abwere ndi mtengo wa mabotolo.